Galimoto Ifike pa Geti

Amuna anga a Fackson ali ndi matenda amene kuchipatala alibe mankhwala ake: mawu akatuluka m'kamwa mwawo sabwereranso. Ngakhale aone okha kuti apa ndaphonya, amangoumirira, khosi gwa. Ine Mainess ndakhala nawo zaka zambiri muno mu Chawama ndipo ndinazolowera, paja wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma dzinja lino matendawa anafuna kudya ukwati wa mwana wanga, ndipo pamenepo sindinaseke.

Philomena ndi mwana wathu woyamba, amaphunzitsa pa sukulu ina konkuno. Mnyamata wake, Bornwell, amakonza mafiriji ku Chilenje, mwana waulemu woti akamakupatsa moni umachita kumuuza kuti dzuka. Abale ake anali atabwera kale kawiri ndi nsalamu, zija mbale zovundikira zimene akuchimuna amabweretsa pofunsira mbeta. Ulendo woyamba a Fackson anati uthenga sunayende bwino. Ulendo wachiwiri anawaona akuchokera ku siteshoni ya minibasi, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope, ndipo anawabwezera pa geti pomwepo.

"Mwana wanga ni mphunzitsi," anatero, mokweza kuti ndi oyandikana nawo amve. "Bantu bomufuna sibangabwele monga bobwela ku malilo. Motoka ifike pa geti panga, komboni yonse ione. Ngati motoka siinafike pa geti, palibe vokamba."

Akuchimuna anabwerera kwawo. Patapita masabata anatumiza mawu akuti abwera ndi galimoto monga tanenera, koma ulendo umenewu ndi womaliza. Tikawabwezanso, Bornwell akafune kwina, atsikana sanathe mu Lusaka. Philomena atamva anangolowa kukatsuka mbale zotsukatsuka kale, misozi ikugwera m'beseni. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya moti masiku amenewo tiyi wa a Fackson ndinkaiwala dala kuthira shuga.

Tsono lamulo lawolo linali ndi vuto limene mwini wake sanaliganizire. Kuchokera pa msewu wa tala kufika kwathu, njira imadutsa pa chithaphwi chachikulu chimene tonse timachitcha Kariba. Mvula ikangoyamba, Kariba amadzaza mpaka m'mawondo, ndipo timawoloka podumpha pa mabuloko. Ofuna mavoti amabwera kudzamuyeza ndi tepi, kujambulitsa atavala jombo zatsopano, n'kupita. Galimoto sidutsa pamenepo, ngakhale ya maliro imaima kutsidya, bokosi n'kuwoloka pa mapewa.

Munthu wina akanati, chabwino, galimoto ikafika pa Kariba yafika. Osati a Fackson. Anali atalengeza kale kutchalitchi, pa nsolo, ndi kwa ometa tsitsi kuti pa geti pawo padzaima galimoto ya apongozi. Choncho anaganiza zomukwirira Kariba.

Zokwirira zinali pafupi. Pokonzekera alendo omwewa, anali atangosasula denga lathu lakale n'kukhoma malata atsopano. Denga lakalelo linali lodziwika komboni yonse, chifukwa analipaka okha penti wobiriwira wowala ngati mkanjo wa wansembe, ndipo aliyense wolozera njira ankati ukafika pa nyumba ya denga lobiriwira ukhote kumanzere. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa zotsala: matabwa ofumbwa, zidutswa za mabuloko, mawaya, mabotolo osweka a pamwamba pa mpanda. Anabwereka wilibala n'kuyamba kututa.

Ine ndinaona matabwa akupita ndi misomali yake yomwe, ili njo.

"Batate ba Philo," ndinatero, "chosani misomali poyamba. Muzapweteka bantu."

"Amake Philo, imwe muziba chani pa vya miseu? Ine ninasebenza ku kampani ya miseu."

N'zoona, anagwirako ku kampani ya misewu, koma ntchito yake inali ya ulonda. Ndinangowasiya, ndikudziwa kuti safunsa anadya phula.

Anagwira ntchito ngati bulu sabata yonse, zimenezo sindingawamane. Pamwamba anathira mchenga ndi dothi lofiira, n'kusalaza ndi fosholo mpaka Kariba anaoneka ngati bwalo la mpira. Anthu anawayamika, ena mpaka kuwatcha injiniya. Kenaka anagubuduza miyala ikuluikulu n'kutseka mbali zonse ziwiri kuti pasadutse tayala lililonse, ngakhale la njinga, galimoto ya apongozi isanadutse. Anati msewu watsopano umatsegulidwa ndi mlendo wolemekezeka.

Tsikulo anasankha Loweruka, chifukwa ndi pamene anthu onse amakhala pakhomo. M'mawa anachotsa miyala ija, n'kuvala suti ya pa ukwati wathu imene mabatani ake masiku ano amagwirana ndi dzanja limodzi. Mwambo umati bambo wa mtsikana akhale m'nyumba, wina amulankhulire. Koma a Fackson, amene amalalikira mwambo kuposa aliyense, sangabwereke munthu pakamwa pawo. Anaika mpando pa geti n'kukhala. Azimayi a mzere wathu anayamba kusesa panja posesa kale, azibambo nawo aliyense anapeza chokonza pa mpanda wake.

Dzuwa litakwera tinamva hutala. Galimoto yoyera inakhota kuchokera pa tala, yopukutidwa mpaka kunyezimira. Woyendetsa anali a Kalaba, amalume a Bornwell, amene anaibwereka kwa mkulu wina wa mpingo wawo atalonjeza kuti aisamala ngati dzira. Pambali pawo panali a Nsama, azakhali a Bornwell, mayi wamfupi wonenepa wogulitsa nsomba zouma ku msika. A Fackson anaimirira, n'kukoka jekete, chibwano m'mwamba.

Galimoto inalowa pa Kariba pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndiye tinangomva phuu! Inapendekera kutsogolo. A Kalaba poti abwerere m'mbuyo, kunamvekanso phuu! Inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, nyumba zingapo chabe kuchokera pa geti pathu.

Matsache onse anaima. A Kalaba anatuluka, n'kuvula jekete, n'kutulutsa jeke ndi sipeya. Koma sipeya ndi mmodzi, matayala akuphwa awiri. Wina anathamanga kukaitana a Dixon, amene amamata matayala pansi pa mtengo pafupi ndi tala, koma anapeza pampu ndi beseni lawo zili zomangidwa ndi tcheni. A Dixon ndi a Sabata. Loweruka ngakhale muwalonjeze ng'ombe sagwira tayala, amakhala ali kutchalitchi akuimba besi.

Tinaona a Kalaba akuzula kanthu pa tayala ndi pulayala, n'kupatsa a Nsama. A Nsama anakayang'ana, n'kuyang'ana nyumba yathu, kenaka anawerama n'kuyamba kutola zina pamene matayala anafukula mchenga. Atatha anabwera wapansi onse awiri, mbale za nsalamu zokulunga m'chitenje zili m'manja.

Anapereka moni mwaulemu. A Fackson anayankha, kenaka anafunsa, "Motoka ili kuti?"

"Ili apo, mwaiona mweka," anatero a Kalaba, akupukuta girisi m'manja.

"Apo ni pa geti panga?"

Ndinawakoka jekete kumbuyo mpaka ulusi unalira. "Batate ba Philo, napapata, lekani bangene. Bantu bayesa."

"Mau yanga ni yamozi," anatero osanditembenukira. "Motoka ifike pa geti."

Ndinayang'ana pa windo la kuchipinda, n'kuona katani ikugwedera. Philomena anali kumva zonse. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinawada amuna anga, ndipo ndikanakhala ndi mthiko m'manja sindikudziwa chimene chikanachitika.

A Kalaba anatembenuka kuti azipita, nkhope itachita mdima. Koma a Nsama anawagwira mkono. Tsono apa pali chinthu chimene a Fackson anachiiwala powerengera zonse. Iwo ndi Mngoni wa ku Chipata, a Nsama ndi Mbemba, ndipo mitundu iwiriyi ndi ya chimbuya. Mbuya wako akhoza kukunyoza pagulu, kukupaka ufa pa maliro, kukulanda chipewa, iwe osakwiya. Ukakwiya ndiye kuti mwambo suudziwa, ndipo anthu amakuseka kawiri.

A Nsama anagwada bwinobwino pa dothi, n'kutulutsa kambale kakang'ono kovundikira ndi kanzake.

"Ba mbuya," anatero ndi mawu ofewa, "talakwa. Tikalibe kuyenda, landilani kamphaso aka kopepesela."

A Fackson anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati onse akuona, n'kulandira. Anavundukula pang'onopang'ono monga amachitira munthu woyembekeza zabwino. M'kambalemo munali misomali ya malata, yopindika, yadzimbiri, koma mutu uliwonse uli ndi penti wobiriwira uja. Amene anali pafupi anasuzumira, kenaka maso onse anakwera pa denga lathu, ngakhale kuti malata ake anali atsopano. Mayi wina kuseri kwa mpanda analephera kudzigwira, anaphulika kuseka.

"Misomali ni misomali," anatero a Fackson, mawu atauma. "Yonse imalingana. Aba banabwela nayo ku Chilenje mu matayala mwao."

"Eee, mwakamba zoona," anayankha a Nsama akadali chogwada. "Ife tenze kuziba ati imwe ba kum'mawa mumateya mbeba chabe. Kanshi manje mwakwela giledi, muteya na mamotoka? Iyi yamene mwagwila lelo muzaiwamba olo muzaiphika?"

Mzere wonse unagwa ndi phwete. A Fackson anatsegula pakamwa, ndinaona mtsempha wa pakhosi ukutupa, koma anakumbukira kuti ndi mbuya. Anayesa kubweza zakuti Abemba odya anyani alibe ulemu, koma mawu ake anamira m'kuseka.

A Nsama anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, kuseka kutawathera.

"Mvelani, ba Fackson. Lamulo yanu taichindika. Sitizangena mpaka motoka ifike pa geti. Ife taifikisa pamene mseu unasilila. Kuchoka apo ni mseu wanu, mwapanga mweka, komboni yonse iziba. Tizankala apa. Mvula iyo ikayamba, ife tayenda, na mbale zathu, ndipo simuzationa futi."

Anayala chitenje m'mbali mwa mpanda n'kukhala, mbale za nsalamu zili pamiyendo. A Kalaba anakhala pa buloko. Kumwamba, cha ku Kafue Road, mtambo unali utada kale ndipo kamphepo kanayamba kuulutsa mapepala a pulasitiki.

Ndinanong'oneza amuna anga kuti angonena mawu awiri, lowani alendo, nkhani ithe. Anangoyang'ana kutsogolo, kambale ka misomali kali m'manja, ngati sakundimva. Kuvomera kuti misomali ndi yawo sakanatha. Kumeza lamulo lawo sakanatha. Anakhala pampando paja, okonzeka kuti mwana wake akalambire pakhomo kusiyana ndi kuti anthu a pa nsolo anene kuti Fackson anabweza mawu.

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Philomena, amene mwa mwambo anayenera kukhala kuchipinda mpaka ataitanidwa, anatuluka atamanga chitenje cholimba m'chiuno, kumapazi atavala patapata. Maso anali ofiira koma sanali kulira. Anadutsa bambo ake osawayang'ana.

"Iwe, uyenda kuti?" anafunsa a Fackson.

"Ba Dadi, mufuna motoka pa geti. Nizaikankha neka."

Ananena modekha, ngati akuuza ana a sukulu kuti atsegule mabuku, n'kupitirira. Anthu anapatuka. Palibe anasekanso. Ndinamuyang'ana mwana wanga akuyenda pakati pa msewu, patapata akulira kumapazi, akuyandikira pamene dothi lofiira limayambira. Anakweza phazi kuti aponde pa mchenga wofukuka uja.

"Philo!" A Fackson anakuwa mpaka mpando unagwa. "Imilila! Usaponde apo na patapata! Pali misomali, nthabwa zonse za pa denga zili pansi apo, na mabotolo!"

Philomena anaima, phazi lili m'malere.

"Ooo," anatero a Nsama, osakweza mawu. "Kanshi siyanachoke ku Chilenje."

A Fackson anaima pamenepo, akumva mawu awo omwe akubwerera kwa iwo kuchokera m'maso mwa anthu. Kenaka anandipatsa kambale kaja, n'kuvula jekete, n'kundipatsanso. Anapita kwa mwana wawo, n'kumugwira paphewa, n'kumubweza kumbali. Anawoloka okha mpaka kumbuyo kwa galimoto n'kuika manja awo pa buti.

"Ba Kalaba," anaitana, "ngenani mugwile sitelingi."

Galimoto ya tayala lakuphwa siyenda ndi ulemu. Imakana, imakokera kumbali, ikulira pwa, pwa, pwa. Anyamata ena anafuna kuthandiza, koma a Nsama anawaopseza ndi chala kuti injiniya sathandizidwa pa msewu wake. A Fackson anakankha okha, thukuta kamukamu, tayi itagwera kumsana, nsapato zikuterereka m'dothi lofiira. Pakati pa ulendo anadumpha mwendo umodzi, n'kuluma mano, n'kupitiriza. Pamenepo mkwiyo wanga unasungunuka, ndinawamvera chisoni mwamuna wanga wopusayu. Ndinapachika jekete pa geti n'kukaika phewa langa pambali pawo, a Nsama anachita dala ngati sakundiona.

Madontho oyamba a mvula akugwa, mphuno ya galimoto inagunda geti lathu. Azimayi anaimba nthungululu, azibambo anawomba m'manja, wina anakuwa kuti msewu watsegulidwa. Komboni yonse inaona galimoto ya apongozi itaima pa geti la a Fackson, monga momwe analonjezera.

M'nyumba nkhani sinatalike. Philomena anafunsidwa ngati anthuwa akuwadziwa, anati ndikuwadziwa, ndipo mbale zinalandiridwa. A Fackson anali atakonza malankhulidwe aatali okhudza mtengo wa mwana wophunzira, koma sanawatulutse. Anakhala phazi lamanja lili m'beseni la madzi amchere, chifukwa msomali wina wobiriwira unali utadutsa m'nsapato mpaka m'chidendene. A Nsama anawauza kuti asadandaule, katundu wabwerera kwa mwini wake.

Lamlungu m'mawa, atachoka kukabayitsa jakisoni, anagubuduza okha matayala awiri aja mpaka kwa a Dixon, akutsimphina. A Dixon akuti anangowafunsa ngati msewuwo uziti ukhala wotsegula masiku onse, kuti alembe wothandiza.

Ukwati tinaupangana kuti udzachitike mvula ikatha. Tsiku lina tikudya, a Fackson anatsokomola n'kunena, maso ali m'mbale, kuti masiku ano zinthu n'zovuta, alendo a ukwati akhoza kungotsikira pa tala n'kubwera wapansi, palibe cholakwika.

"Iyayi, ba Dadi," anatero Philomena, akuwathirira madzi osamba m'manja. "Mau yanu ni yamozi. Ba Nsama bakamba ati bazabwela na mamotoka yambili, na basi ya kwaya. Yonse izafika pa geti."

Ndiye mukadutsa pa Kariba m'mawa uliwonse, mudzaona bambo wina wotsimphina akukoka maginito a sipika yakale omangidwa ku chingwe, uku ndi uku, ngati akuyendetsa galu. Akamva kuti tcha, amawerama, n'kuchotsa msomali, n'kuuponya m'chitini. Anthu a pa nsolo amawafunsa ngati zagwira lero, iwo amangopitiriza kukoka chingwe chawo. Chitinicho chatsala pang'ono kudzaza, ndipo ine ndi amene ndinawathandiza kukhoma denga lija kalelo, ndikudziwa kuti sanafike ndi theka lomwe la misomaliyo.